Chimakedoniya: musadzere ku Chirasha, yambirani pa Chichewa chomwechi

Sabata yathayi wina wandifunsanso funso lomwe lija. Wapeza malo a sukulu ku Skopje, likulu la North Macedonia, ndipo akufuna kuphunzira Chimakedoniya, ndiye akuti, "Achimwene, ndiyambe ndi Chirasha kapena Chisebiya? Poti akuti zonsezo n'zimodzi." Chaka chatha anafunsa ndi mayi wina amene mwana wake anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Bitola, mzinda wina wa m'dziko lomwelo, iwo akungofuna kuti azitha kupatsana moni ndi asewere awo. Ndatopa kujambula mavoisi pa WhatsApp, ndiye ndalemba kamodzi pano. Wina akadzafunsanso ndidzangomulozera.

Yankho lalifupi ndi ili: musayambe ndi Chirasha, musayambe ndi Chisebiya. Ziwirizo zidzakusenzetsani katundu amene Chimakedoniya chinatula kalekale. Komanso zinthu zingapo zimene zimazunguza mutu Angelezi m'chilankhulochi, inu mumazichita m'mawa uliwonse musanamwe n'tiyi yemwe. Ine ndinazindikira mochedwa, nditataya miyezi ndikuganiza m'Chingelezi.

1. Dziwani kaye chimene mukuphunzira

Ambirife dzina loti Makedoniya tinalimvera kutchalitchi, pa Machitidwe 16, Paulo akuitanidwa m'masomphenya. Filipi ndi Tesalonika a m'Baibulowo lero ali m'dziko la Greece, ndipo kumeneko Paulo ankalalikira m'Chigiriki. Chimakedoniya cha lero n'china. Ndi cha banja la Asilavu, amene anafika kuchigawo cha Balkan cha m'zaka za m'ma 500 ndi 600, Paulo atagona kalekale. Ndi chilankhulo cha boma ku North Macedonia, kadziko kosafika kunyanja yamchere ngati Malawi ndi Zambia, ka anthu pafupifupi 1.8 miliyoni pa kalembera wa 2021. Kumpoto kwake kuli Serbia ndi Kosovo, kum'mawa Bulgaria, kum'mwera Greece, kumadzulo Albania.

Ubale wake uli motere. Chibugariya ndi m'bale wa bere limodzi. Chisebiya ndi msuweni. Chirasha ndi wachibale wa kutali, wongoonana naye pamaliro. Chigiriki, Chialubaniya ndi Chituruki si abale apafupi, ndi aneba, koma akhalira mudzi umodzi zaka mazana ambiri mpaka kutengerana kalankhulidwe.

Monga chilankhulo cholembedwa ndi malamulo ake, n'chaching'ono msinkhu. Krste Misirkov analemba mu 1903 kuti anthu a kumeneko akhale ndi kalembedwe kawokawo. Pa 2 Ogasiti 1944 chinalengezedwa kukhala cha boma, zilembo zinavomerezedwa mu Meyi 1945, ndipo Blaže Koneski ndiye anasenza gawo lalikulu la galamala ndi dikishonale. Chofunika kwa inu ndi ichi: anachimanga pa kalankhulidwe ka ku Veles, Prilep ndi Bitola, osati ka ku Skopje. Choncho mukatsika ku likulu n'kumva achinyamata akuti "sho praish?" m'malo mwa "shto pravish?" ya m'buku (ukutani?), musaganize kuti buku linakunamizani.

2. Zilembo: sabata imodzi, osapitirira

Zilembo zilipo 31, zotchedwa kirilitsa. Dzinali ndi la Cyril, amene pamodzi ndi m'bale wake Methodius, a ku Thessaloniki (Tesalonika uja), anatumidwa ku Moravia, pakati pa Ulaya, mu 863 kukalalikira Asilavu m'chilankhulo chawo. Zimene Cyril anapanga zinali zina, glagolitsa. Za kirilitsazi zinadzakonzedwa ndi m'badwo wa ophunzira awo, ndipo mmodzi wa ophunzirawo, Kliment, anaphunzitsa kudera la Ohrid mpaka imfa yake mu 916.

Lamulo la zilembozi n'lokoma: chilembo chimodzi, liwu limodzi. Mavawelo ndi asanu omwe aja, a e i o u, omveka ngati athu. Zokupusitsani ndi zilembo zooneka ngati mukuzidziwa: В ndi v, Н ndi n, Р ndi r, С ndi s, У ndi u, Х ndi h wa kukhosi. Chikwangwani cha РЕСТОРАН chikuti "restoran", ngakhale diso lizikakamira "pektopa".

Zina n'zongolandira. Ѕ ndi dz wa "dzuwa", monga ѕид (dzid, khoma). Њ ndi ny wa "nyumba", monga коњ (kony, hatchi). Ц ndi ts wa "tsiku", Џ ndi j wa "jekete", Ј ndi y. Zofuna khama ndi Ќ ndi Ѓ, zomveka ngati ky ndi gy, pakati pa lilime patagunda kumwamba kwa m'kamwa: куќа (kukya, nyumba), луѓе (lugye, anthu). Katchulidwe kameneka ndikukalemba m'kalembedwe kathu kuti kasakuvuteni.

Zilembozi zidzakuthandizaninso kuzindikira chimene mukuwerenga pa intaneti. Mukaona Ѓ, Ќ kapena Ѕ, n'Chimakedoniya. Mukaona Ђ ndi Ћ, n'Chisebiya. Mukaona Ъ, Щ, Я ndi Ю zili mbwee, n'Chibugariya, ndipo pakakhalanso Ы ndi Э mwasochera mpaka ku Russia.

Musadumphe zolemba pamanja. Pamanja п imaoneka ngati u wokhala ndi kamzere pamwamba, г ngati i wa kamzere, д ngati g. Ine kakalata koyamba ka mayi eni nyumba, komata pafiriji, ndinakayang'ana ngati mapazi a nkhuku, chonsecho kankangonena za bilu ya magetsi. Komanso dziwani kuti pa Viber ndi Facebook ambiri amalemba m'zilembo zathu zomwezi, aliyense m'njira yake: ќе wina alemba "ke", wina "kje". Zimenezo muzingowerenga, inu musatengere mpaka kirilitsa itakhazikika.

3. Lilime lanu lili ndi zizolowezi zitatu zoti zisweke

Choyamba ndi l ndi r. Kwathu "kulira" ndi "kulila" palibe amene angakumangeni. Kumeneko лак (lak) ndi polishi wa zikhadabo, pomwe рак (rak) ndi nkhanu komanso khansa. Musitolo samalani chimene mukupempha. R wawo ndi wonjenjemera, nsonga ya lilime ikugunda kuseri kwa mano.

Chachiwiri ndi chizolowezi chathu chothira vawelo paliponse, chimene chinatipatsa "sitolo" ndi "buledi". Moni wawo ndi здраво (zdravo), osati "zidiravo". Pali mawu ena amene r yemweyo ndiye vawelo: прст (prst, chala), срце (srtse, mtima), црква (tsrkva, tchalitchi). Dzijambuleni pafoni, mverani, chotsani ma i amene mwalowetsa osadziwa.

Chachitatu ndicho chimaulula mlendo msanga. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chimaanga, Liloongwe. Iwo amagogomeza lachitatu kuchokera kumapeto, ndipo mawu akakhala a maphatikizo awiri okha, loyamba. Ndiye ndi BI-to-la, osati Bi-TO-la. Ku-MA-no-vo. Ma-ke-DO-ni-ya. Zikomo ndi bla-GO-da-ram. Mawu akatalika, kugogomezako kumasuntha: PLA-ni-na (phiri), koma pla-NI-na-ta (phirilo). Werengani cham'mbuyo, wani, thu, fili, menyani pamenepo. Mawu obwereka ena samvera, monga stu-DENT ndi li-te-ra-TU-ra, koma ndi ochepa. Apa pokha thokozani mwayi wanu, chifukwa m'Chibugariya ndi m'Chirasha mulibe lamulo lotere, mawu aliwonse mumaloweza paokha.

4. Zimene Chichewa chinakulipirirani kale

Apa ndi pamene ndimati siyani Chingelezi pakhomo.

Tiyambe ndi "bukuli" ndi "bukulo". Chimakedoniya chimamata kachidutswa kumapeto kwa dzina ngati ife. Книга (kniga) ndi buku. Книгава (knigava) ndi bukuli, lili pano. Книгана (knigana) ndi bukulo, lili apo. Книгата (knigata) ndi buku lija tonse tikulidziwa, ndipo imeneyi ndiye mudzaimva kawirikawiri. V ndi pafupi, n ndi patali, t ndi chodziwika kale. Mayina ali m'magulu atatu okha, achimuna, achikazi ndi apakatikati, ndipo kachidutswako kamatsata gulu: човекот (chovekot, munthuyo), жената (zhenata, mkaziyo), детето (deteto, mwanayo), луѓето (lugyeto, anthuwo). Munthu amene anakula akusiyanitsa "munthu wabwino, chinthu chabwino, kanthu kabwino, zinthu zabwino" asadandaule ndi magulu atatu. Pakakhala mfotokozi, kachidutswa kamasamukira pa iye: новава книга (novava kniga), buku latsopanoli. Onani kuti ifenso tamata pa "latsopano". Chibugariya cha m'buku chili ndi t yekha. Chialubaniya ndi Chiromaniya nazonso zimamata kumapeto. Chisebiya ndi Chirasha zilibiretu.

Kenako "ndinamuona munthuyo". Tatchula munthu kawiri, pa -mu- ndi pa "munthuyo". Iwo chimodzimodzi: го видов човекот (go vidov chovekot). Ја читам книгата (ya chitam knigata), ndikuliwerenga bukulo. Kusiyana n'koti kwa iwo si zosankha. Dzina likangokhala ndi kachidutswa kaja, го, ја kapena ги ayenera kukhalapo. Mukangoti "vidov chovekot" mwathyola. Ngati ndi munthu wamba wosadziwika, видов човек basi. Iwo amathanso kuika tiwiri, pomwe ife timaika kamodzi, ndipo wolandira ndiye amatsogola: му ја дадов книгата на детето (mu ya dadov knigata na deteto), ndinam'patsa mwanayo bukulo. Inde, "mu" wawoyo akutanthauza "kwa iye". N'zongochitika mwangozi, koma zimathandiza kukumbukira.

Chachitatu, alibe "kupita" wongoima payekha. Sanganene "ndikufuna kupita", amati "ndikufuna kuti ndipite": сакам да одам (sakam da odam). Да ameneyo mumuone ngati "kuti". Mgiriki amati thelo na pao, Mualubaniya dua të shkoj, onse njira imodzi. Zam'tsogolo n'zosavuta: ќе одам (kye odam), ndidzapita, нема да одам (nema da odam), sindidzapita. Akatswiri amati zilankhulo za ku Balkan zinatengerana zinthu zimenezi chifukwa cha kukhalirana, osati chifukwa cha magazi.

Tsono katundu ndinanena uja. M'Chisebiya dzina limasintha mchira malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, njira zisanu ndi ziwiri: Beograd (likulu la Serbia), iz Beograda (kuchokera ku Beograd), u Beogradu (mu Beograd). M'Chirasha njira zisanu ndi imodzi. Chimakedoniya chinataya zimenezo: Скопје, од Скопје, во Скопје, за Скопје, ngati ife timangoti ku, mu, pa. Wodzera ku Chisebiya amathera chaka pa michira yoti akafika aidule.

Ulemu nawo mukuudziwa. Ти (ti) ndi iwe, вие (vie) ndi inu, ochuluka kapena wamkulu mmodzi. Како си? (uli bwanji?) kwa mnzanu, како сте? (muli bwanji?) kwa apongozi. Mayi wamkulu wa pafupi mumuti тето (teto, azakhali), bambo wamkulu чичко (chichko), agogo бабо ndi дедо. Amayi anga ndi мајка ми (mayka mi), mchimwene wanga брат ми.

5. Aneni amayenda awiriawiri: apa ndiye pagona nkhani

Mabuku ambiri amapadutsa ndi tsamba limodzi, koma ndi pamene anthu amagwera. Pafupifupi mneni aliyense ali ndi mnzake. Mmodzi amanena ntchito ili m'kati kapena yobwerezabwereza, amamutcha несвршен (nesvrshen, wosatha). Winayo amanena ntchito imodzi yathunthu, yofika pamapeto, amamutcha свршен (svrshen, wotha). M'dikishonale mudzaona несв. ndi св. pambali pa mneni. Dziwaninso kuti poti alibe "ku-" uja, dikishonale imalemba mneni monga "iye amachita": mufunefune чита (amawerenga), osati читам.

Kugula ndi купува ndi купи. Kupereka ndi дава ndi даде. Kutenga ndi зема ndi земе. Kubwera ndi доаѓа ndi дојде. Kulemba ndi пишува ndi напише. Kuwerenga ndi чита ndi прочита. Woyamba pa awiri aliwonse ndi wosatha.

Mmene ndinagwera ine ndi umu. Mayi eni nyumba aja anandifunsa tsiku lina chimene ndimadzukirira m'mawamawa. Ndinayankha monyadira kuti, "Sekoy den kupam leb, teto," poganiza kuti ndati tsiku lililonse ndimagula buledi. Anaika kapu ya khofi pansi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "So sapun, sine?" Ndi sopo, mwana wanga? Kenako chikhakhali mpaka misozi. Ndinali nditatenga mneni wotha n'kumuimika yekha pa nthawi ya tsopano, zimene sizichitika. Ndipo kwa munthu wa msinkhu wawo, amene anakulira m'Yugoslavia, dziko lakale limene Makedoniya ndi Serbia zinali mbali zake, akumva Chisebiya tsiku ndi tsiku, "kupam" woima yekha ndi "ndikusambitsa". Ndinayenera kunena купувам (kupuvam).

Lamulo loyamba ndi limenelo: mneni wotha sayenda yekha pa nthawi ya tsopano. Amafuna womugwira dzanja, да, ќе, ако (ngati) kapena нека (mlekeni achite). Ќе купам леб, ndidzagula buledi. Ако купам, ndikagula. Koma "ndikugula" ndi "ndimagula" zonse ndi купувам.

Tsono njira imene inandipulumutsa. Musafunse kuti Chingelezi chikanati bwanji. Nenani chiganizocho m'Chichewa, mumvetsere timaphatikizo ta m'kati mwa mneni. Mukamva -ku-, -ma-, -nka- kapena -zi-, tengani wosatha. Mukapanda kutimva, kawirikawiri ndi wotha. Ndinkalemba kalata ndi пишував писмо (pishuvav pismo), mwina sinathe n'komwe. Ndinailemba kalatayo ndi го напишав писмото (go napishav pismoto), yatha, ili mu envulopu. Ndikufuna ndigule ndi сакам да купам. Ndikufuna ndizigula ndi сакам да купувам. Ndidzagula mawa ndi ќе купам утре. Ndizidzagula kwa inu nthawi zonse ndi секогаш ќе купувам кај вас. Kusiyana kwa "ugule" ndi "uzigula" Mngelezi amafunika ndime yathunthu kuti akumvetse. Inu amayi anu anakuphunzitsani pokutumani kumsika.

Njirayi ili ndi pobowoka pawiri pamene muyenera kungoloweza. Pambuyo pa "kuyamba" ndi "kusiya" pamabwera wosatha nthawi zonse: почнав да пишувам (ndinayamba kulemba). Ndipo poletsa, amakonda wosatha: купи! ndi gula, koma usagule ndi не купувај!

Chochita chake n'chotopetsa koma palibe china. Gulani kope, gawani tsamba pakati, wosatha kumanzere, wotha kumanja. Musalembe mneni mmodzi yekha ngakhale tsiku limodzi. Pansi pa awiri aliwonse lembani ziganizo zinayi za moyo wanu weniweni: chimene mumachita, chimene munkachita, chimene munachita dzulo n'kumaliza, chimene mudzachite mawa. Awiri atatu pa tsiku akukwana. Mchira wa -ува kawirikawiri ndi chizindikiro cha wosatha, ndipo kachidutswa kowonjezera kutsogolo, monga на-, про-, из-, kawirikawiri kamasandutsa mneni kukhala wotha. Ndati kawirikawiri. Гледа ndi види, kuyang'ana ndi kuona, safanana n'komwe nkhope, koma amayendera limodzi.

6. "Akuti" ali m'kati mwa mneni

Тој дојде (toy doyde) ndi "anabwera", ndipo ndikuikira umboni. Тој дошол (toy doshol) ndi "akuti anabwera", ine sindinaone. Mneni wothera ndi l ameneyu ndi wa nthano, wa miseche, wa nkhani zongomva. Nthano zawo zimayamba ndi си бил еден цар (si bil eden tsar), padangokhala mfumu ina. Amagwiranso ntchito ya "kani": ти си бил богат! (ti si bil bogat), kani ndiwe wolemera! Chibugariya chili nazo, Chituruki chili ndi -miş wochita zofananazo, Chialubaniya chilinso ndi njira yake yodabwira.

Ichi ndi chifukwa chachiwiri chokanira Chisebiya ndi Chirasha poyamba. M'ziwirizo mneni wa l ndiye njira wamba yonenera zakale. Wozolowera kumeneko akafika ku Skopje amanena chilichonse ngati mphekesera, mpaka zimene anaona ndi maso ake dzulo madzulo. Inu yambani ndi дојде, купив, видов. Wa l muzimumva kaye, mudzamugwiritsa ntchito pakatha miyezi.

Mudzamvanso имам видено (imam videno), "ndinaonapo", makamaka cha ku Ohrid ndi Bitola. Chibugariya cha m'buku chilibe kamangidwe kameneka.

7. Kuwoloka malire

Mukafika pamenepa, aneba amayamba kutseguka okha, chifukwa mawu ambiri amasiyana motsata lamulo. Ndikuika Chimakedoniya, Chibugariya, Chisebiya motsatana. Usiku: noky, nosht, noć. Pakati: megyu, mezhdu, među. Dzanja: raka, răka, ruka. Njira: pat, păt, put. Buledi: leb, hlyab, hleb, poti Chimakedoniya chimakonda kumeza h. Ine: yas, az, ja. Mukagwira malamulo anayi kapena asanu otere, nyuzipepala ya ku Sofia, likulu la Bulgaria, muyamba kuitola.

Galamala ili pafupi kwambiri ndi Chibugariya, koma mawu ambiri a mu ofesi, a ntchito ndi a mumsewu anadzera ku Chisebiya pa zaka za Yugoslavia, kuyambira 1945 mpaka 1991. N'chifukwa chake kumvana sikuli kofanana mbali zonse. Wa ku Skopje amamva Chisebiya bwinobwino chifukwa cha sukulu yakale, wailesi ya kanema ndi nyimbo, pomwe wa ku Beograd amatola Chimakedoniya mwa apo ndi apo. Chenjeraninso pophunzira ndi nyimbo. Oimba ambiri a kumeneko amajambulanso m'Chisebiya, ndiye mutha kuloweza nyimbo yonse osadziwa kuti mwawoloka.

Pansi, m'midzi, palibe mpanda. Kuchokera ku Kumanovo kulowera ku Vranje ndi Niš kalankhulidwe kamasintha pang'onopang'ono, chimodzimodzi kuchokera ku Berovo kapena Strumica kulowa m'Bulgaria. Amene anayendapo kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Mchinji mpaka ku Chipata, kapena ku Dedza kutsikira ku Angónia, akudziwa mmene zimamvekera.

Misampha ilipo. Вреден (vreden) ku Skopje ndi munthu wakhama, ku Sofia ndi wowononga. Musayamikire naye apongozi a ku Bulgaria. Зошто (zoshto) ndi "chifukwa chiyani", pomwe зашто (zashto) ndi "chifukwa", koma kwa aneba onse awiri "zashto" ndiye funsolo. Сакам ndi kufuna komanso kukonda, ndiye те сакам si mawu ouza wogulitsa matimati.

Chituruki mudzachipeza kukhitchini ndi kumsika, chifukwa ufumu wa Aturuki wa Ottoman unalamulira kumeneko pafupifupi zaka 500, mpaka 1912. Комшија (komshiya) ndi neba, чорба ndi msuzi, чаршија ndi msika wakale wa m'tauni, кусур ndi chenji. Ku Bit Pazar ku Skopje, mawu a кусур mudzawafuna tsiku loyamba.

8. Pamene muyenera kusunga pakamwa

Funso loti "kodi si Chibugariya chomwecho?" musalifunse patebulo. Bulgaria ndiye inayamba kuvomereza ufulu wa dzikoli mu Januwale 1992, koma boma ndi akatswiri ambiri kumeneko amati chilankhulochi ndi nthambi ya chawo, ndipo mu 2020 Bulgaria inatsekereza zokambirana zoti dzikoli lilowe mu European Union pa nkhani za mbiri ndi chilankhulo zomwezi. Ndi Greece mkangano unali wa dzina, popeza kumpoto kwa Greece kulinso chigawo chotchedwa Macedonia. Unatha ndi pangano la ku Prespa la mu Juni 2018, dziko n'kukhala North Macedonia mu Febuluwale 2019. Chilankhulo chinatsala ndi dzina lake, македонски, popanda "kumpoto". Ena akakumvani mukuti "Chimakedoniya cha kumpoto" amakwiya ndithu.

Ife izi si zachilendo. Mu 1968 Chinyanja cha ku Malawi chinasanduka Chichewa pa msonkhano wa chipani, ku Zambia n'kutsalabe Chinyanja. Maganizo anga ndi akuti anthu akati chilankhulo chathu ndi chakuti, ali ndi sukulu zake, mabuku ake ndi nyimbo zake, mlendo alibe mlandu woti aweruze. Ku Skopje itanani monga eni ake akuitanira. Ku Sofia kapena ku Thessaloniki wina akayambitsa nkhaniyi, yamikirani chakudya.

9. Zida, ndi chotsatira

Zipangizo n'zochepa, osayembekezera za Chifalansa. Duolingo ilibe Chimakedoniya. Buku limene ambiri amadalira ndi la Christina Kramer, lofalitsidwa ndi University of Wisconsin Press. Lili m'Chingelezi, ndiye muziliwerenga kope lanu la Chichewa lili pambali. Ikani kiyibodi ya Chimakedoniya pafoni lero lomwe, ndipo onetsetsani kuti ili ndi Ќ, osati ya Chisebiya. Mverani nkhani za MRT, wailesi ya boma, chifukwa owerenga nkhani amalankhula cha m'buku ndipo amagogomeza pa malo ake. Mafilimu akunja pa kanema wa kumeneko nthawi zambiri amangowalembera mawu m'munsi, ndiye khutu limamva Chingelezi diso likuwerenga Chimakedoniya. Yunivesite ya Sv. Kiril i Metodij ya ku Skopje imachititsa maphunziro a chilankhulochi a alendo ku Ohrid m'nyengo yotentha, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ngati muli ku Toronto kapena ku Melbourne, kuli anthu ambiri ochokera kumeneko, ndipo matchalitchi awo ndi pofikira pabwino.

Mphunzitsi wa pa intaneti mumufunse funso limodzi musanalipire: anakulira kuti? Ena amalemba kuti amaphunzitsa Chisebiya, Chibugariya ndi Chimakedoniya zonse. Mum'pemphe anene "bukuli, bukulo, buku lija". Akakakamira pa книгата yekhayekha, fufuzani wina.

Chilankhulo chachiwiri musachiyambe chisanathe chaka, apo ayi michira ya Chisebiya idzayamba kumera pa mawu anu. Chikatha chaka sankhani malinga ndi kumene moyo wakuponyani. Chibugariya n'chapafupi powerenga, Chisebiya chimatsegula mpaka ku Bosnia, Montenegro ndi Croatia. Koma ngati sukulu kapena ntchito yanu ili ku Tetovo, Gostivar kapena Debar, neba wofunika ndi Chialubaniya. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi m'dzikoli ndi Mualubaniya, ndipo lamulo la 2019 linakulitsa ntchito ya chilankhulo chawo m'boma. Chimenecho si cha Asilavu, chimalembedwa m'zilembo zathu zomwezi, ndipo mawu ake simungawatole kuchokera ku Chimakedoniya. Kumeneko mukalowa m'sitolo onani kaye chikwangwani. Chikakhala cha kirilitsa, добар ден (dobar den, moni wa masana) ndi благодарам (zikomo). Chikakhala cha zilembo zathuzi, chodzaza ndi ë, yambani ndi mirëdita (moni wa masana), pochoka faleminderit (zikomo).